Ngolo Yoima Pachigayo cha Bizwick

Ndikuuziranitu, ambiri mwa inu simufika kumapeto musananene kuti ndine wabodza. Nenani, dzina limenelo ndinalizolowera kale. Koma m'nkhani ino muli bodza limodzi lokha basi, ndipo ndikukutsutsani kuti simulipeza ndisanaliulule ndekha. Yesani tione.

Bizwick Mbewe anagaya chimanga zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pamudzi wa Mtenje, m'mbali mwa msewu wafumbi wochoka ku Katete kulowera cha ku Mkaika. Chigayo chake chinali cha dizilo, chakalekale, cholira ngati chili pa mkangano ndi munthu. Phokosolo linamudya makutu pang'onopang'ono, moti ankakuwa polankhula ngakhale m'tchalitchi, ndipo mkazi wake anabwerera kwawo ku Vubwi, akuti watopa kupatsidwa moni ngati ng'ombe yolowa m'munda. Anatsala ndi amayi ake okalamba, a Nangondo, amene miyendo inawatupa ndipo sanadzukenso pamphasa chiyambire mvula. Mwana wake Diana, wogwira ntchito kumigodi ku Solwezi, atabwera patchuthi anawaitana bambo ake katatu ali pafupi pomwepo, iwo osacheuka. Atabwerera anatumiza kabokosi pa basi.

Munali mahedifoni. Osati aja a pamsika a tizingwe toduka usanafike kunyumba, ayi. Awa analibe chingwe ngakhale chimodzi, akuda bii, ophimba khutu lonse ndi chikopa chofewa ngati mimba ya kamwana ka mbuzi. Bizwick anawavala injini ikulira, pamwamba pa chipewa chake choyera ndi ufa, nadina batani monga Diana anamuuzira pafoni. Mkazi wina waulemu analankhula Chizungu mkatimo. Kenako dziko linatsekeka.

Lamba anali kuzungulira, ufa unali kutuluka, malata anali kunjenjemera, koma phokoso lonse linapita kutali, kutali, ngati mvula imene ikugwa kuseri kwa phiri. Bizwick anamva malovu ake akutsika kukhosi. Anamva mtima wake. Anakhala pathumba la deya, pakuti bata lotere anali atalisiya ali mnyamata. Ataika nyimbo ya kwaya imene anaimvera zaka zambiri pawayilesi, anapeza kuti sanaimvepo n'kale lonse. Amayi anali kuimba kumanzere, abambo kumanja, wotsogolera ankakoka mpweya asanatulutse mawu, chala chinkatsetsereka pawaya wa gitala, ndipo kumbuyo kwenikweni munthu wina anatsokomola mobisa. Ng'oma sinkalowera m'makutu, inkagunda pachifuwa.

Woyamba kubwerekedwa anali Jonas Daka, mnzake wa kuubusa. Jonas anali wa ngolo. Ng'ombe zake ziwiri, Bulaki ndi Sajeni, ndizo zinakoka injini ija kuichotsa pamsewu wa tala tsiku limene inafika, ndipo kuyambira pamenepo tsiku silinkapita ngoloyo osaima pakhomo pa chigayo kutsitsa matumba. Gudumu lake lakumanzere linkalira kwii, kwii, chifukwa Jonas ankati girisi ndi wa anthu amene ali ndi chobisa.

Jonas anavala mahedifoni aja, natong'ola maso, navula msangamsanga.

"Iwe, tenga zinthu zako. Ndamva mimba yanga ikundinena."

"Ikuti chiyani?" anakuwa Bizwick.

"Ikuti mnzako ali ndi chigayo koma tiyi sanakupatsepo!"

Mwezi wa Juni, anthu atakolola, ntchito inachuluka. Jonas anadwala chifuwa, ndipo anamugoneka pa kachipatala ka kumtunda. Bizwick anati akamuona Lamulungu. Lachinayi masana Jonas anamwalira, ndipo mkazi wake Dorothy anakana galimoto, nati mwamuna wake abwerere kwawo pa ngolo yake.

Inu mukudziwa mmene timachitira maliro akamadutsa. Wa njinga amatsika, wa wayilesi amazimitsa, mwamuna amavula chipewa, chigayo chimaima. Amayi amene anali pamzere atamva kulira kumtunda anasiya matumba awo n'kuthamangira kumsewu. Bizwick anali atafulatira khomo, mahedifoni kumutu, akuthira chimanga. Ngolo inatsika pang'onopang'ono, anthu ambirimbiri pambuyo pake, ndipo itafika pachigayo ng'ombe zija zinaima zokha, monga zinazolowera. Anazimenya, zinakana. Gulu lonse linaima pamenepo, mtembo uli pangolo, injini ikubangula, ndipo kudzera pakhomo aliyense ankaona msana wa Bizwick ukugwedezeka motsatira nyimbo, phazi likuponda pansi mokondwa.

Wina anafuna kulowa kuti akamugwire paphewa. Dorothy anati, "Msiyeni. Asangalale."

Anaima nthawi yoti munthu n'kusenda mtolo wa nzimbe. Kenako ng'ombe zinanyamuka zokha.

Bizwick anamva za imfayo dzuwa litapendeka, pamene anatembenuka n'kupeza matumba opanda eni. Anathamangira kumaliro ndi lichero la ufa, amayi analibweza osaligwira n'komwe. Mmawa mwake anapita ndi khasu kumanda, koma Jackson, mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda, anamutsekereza panjira.

"A Bizwick, khasulo ikani pansi, mungadetse manja a ufa."

"Sindinamve, a Jackson! Mulungu ndi mboni, sindinamve!"

"Musakuwe, pano ndi pamanda. Tikudziwa kuti simunamve. Nafenso makutu ayamba kutivuta masiku ano. Tsiku lina kwanu kukadzamveka kulira, kaya tidzamva, kaya."

Mawu amenewo anafika kunyumba iye asanafike. A Nangondo anamuitana ndi chala, namukokera khutu pafupi ndi pakamwa pawo.

"Ine ndatsala pang'ono, ukudziwa. Adzandisambitse ndani? Udzandikwirira wekha, ndi fosholo ya deya?"

Sabata yonse pachigayo sipanafike ngakhale chitini chimodzi cha chimanga. Amayi ankasenza matumba kupita kuchigayo cha kutsidya kwa dambo, ndipo madzulo akabwera kudzatunga madzi pamjigo umene uli moyang'anana ndi chigayo, ankamufulatira onse ngati anapangana.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, dzuwa likulowa, analiza injini kuti agaye chimanga chake cha phala la amayi. Phokosolo linamubaya m'mutu kuposa kale, ndiye anatenga mahedifoni pamsomali navala, osaika nyimbo, pakuti nyimbo inali itamuwawira. Bata linatsika. M'chigayo munali mdima wofiirira, fumbi la ufa likuyandama pa kuwala kotsiriza kolowera m'mabowo a malata. Ndipo pansi pa batalo, kutali kwambiri, kocheperachepera ngati udzudzu uli m'chipinda china, anamva kwii.

Anadikira. Kwii.

Anavula. Injini yokha. Anatuluka panja, nayang'ana kumtunda. Msewu unali mbee, galu mmodzi akununkhiza m'ngalande. Anazimitsa injini n'kuvalanso, osamva kanthu. Anailizanso, navala, ndipo gudumu lija linali pompo, likubwera, losafulumira.

Mawa lake nthawi yomweyo anayesanso, akudziuza kuti ndi lamba wauma. Anapaka mafuta paliponse pamene pamazungulira. Koma atavala, phokosolo linali litayandikira. Tsopano linali ndi belu la pakhosi pa Sajeni, lija losweka mbali imodzi, ndi ziboda zinayi zinayi zikuponda mchenga, ndipo pambuyo pake panali chinthu chachikulu chofewa chimene poyamba sanachizindikire. Anali mapazi. Mapazi ambirimbiri a anthu oyenda osakweza miyendo. Chimene chinamuopsa n'chakuti akatembenuza mutu, phokosolo silinkatembenuka naye. Linkakhalabe kumtunda, kumsewu, kumene ngolo imachokera. Anavula mahedifoni, nawatsekera m'kabokosi kawo.

Kutacha anapalasa njinga mpaka ku Katete, kwa Hashim, mwenye wa shopu ya mafoni pafupi ndi msika, wobadwira ku Dedza koma wokulira pompano. Hashim anawatembenuza mahedifoniwo mwaulemu ngati dzira.

"Bosi, awa ndi olijino. Mwana wanu amakukondani. Avuta chiyani?"

"Akugwira wayilesi."

"Sagwira wayilesi awa." Anavala, naima pakhomo. Panja makondakitala ankakuwa Chipata, Chipata, njinga zamoto zikulira. Hashim anatseka maso n'kumwetulira. "Eee. Ngati mu mzikiti anthu atatuluka. Batire ili fulu, zonse zili bwinobwino. Taonani timabowo iti. Mkatimu muli timakutu, timamvera phokoso la kunja. Ndiye makinawa amapanga phokoso lina lofanana nalo koma lotembenuza, ngati dzanja lamanja ndi lamanzere. Awiriwo akakumana pakhutu lanu amazimitsana."

"Phokosolo limapita kuti?"

"Silipita kulikonse, limangotha."

"Nanga chimene chimatsala?"

"Chimenecho si cha makina, bosi. Chinalipo kale, kungoti phokoso linkachikwirira."

Hashim ananena zimenezi akuseka, koma ataona nkhope ya Bizwick analeka. Bizwick anawerama pakauntala, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri analankhula monong'ona. Anafotokoza zonse, za Jonas, za ng'ombe, za msana wake wovina. Hashim anabweza mahedifoni m'kabokosi, napukuta manja pamalaya.

"Ine ndimakonza mafoni, izi zandipitirira. Kwathu maliro akamadutsa timaimirira, kaya ndi a Msilamu kaya si a Msilamu, ndi zokhazo ndikudziwa. Nanga ngolo yanuyo ikafika pakhomo imatani?"

"Sindinaidikirepo."

"Aa," anatero Hashim, nayang'ana kumbali.

Madzulo amenewo Bizwick anaidikira. Anaima chofulatira khomo, chala chili pa batani. Inabwera yonse tsopano. Anamva nyimbo ya maliro, amayi akuikoka motopa, ndipo ankatha kuloza mawu a aliyense, uyu ndi mkazi wa Jackson, uyu ndi mlongo wake wa Jonas amene amayamba mochedwa nthawi zonse. Anamva mwana akuyamwa kumbuyo kwa gululo. Anamva matabwa a ngolo akulira ndi katundu wosagwedera ngati matumba, katundu mmodzi wamtali. Anali asanamvepo chinthu chomveka bwino chotero moyo wake wonse, ndipo pakati pa mantha ake munali kuzizwa, kuti kodi dziko limakhala ndi mawu ochuluka chonchi nthawi zonse, iye osadziwa? Gudumu linalira kwii komaliza, pakhomo penipeni. Nyimbo inaduka. Kunatsala kupuma kwa ng'ombe ziwiri, kotentha, kwapafupi, ndi anthu ambiri amene akhala chete akuyang'ana msana wa munthu mmodzi.

Khosi linakana kutembenuka. Anazula mahedifoni kumutu n'kutulukira pawindo la kuseri, injini n'kuisiya ikulira mpaka dizilo anatha.

Kunyumba anapeza a Nangondo akana phala. Mpweya wawo unkamveka ngati munthu akukoka thumba pansi. Anakhala pambali pawo, nawagwira phazi lotupa lija, ndipo anaona m'maganizo mwake bwalo la nyumba yake lili mbee, iye yekha ndi Diana akulimbana ndi bokosi pakhomo.

"Wathawa chiyani?" anafunsa mayiwo osatsegula maso. "Ukununkha thukuta la mantha."

"Jonas akumaima pachigayo, amayi."

"Ndiye ukufuna aime mpaka liti? Ng'ombe zake zidya chiyani?"

Tsiku lotsatira anagula dizilo wa m'botolo. Dzuwa litafiira, amayi atadzaza pamjigo, analiza injini m'chigayo mopanda ngakhale njere imodzi. Wina pamjigopo anati, "Tamverani, wayamba kugaya mphepo," ena n'kuseka. Pakati pawo panali Dorothy, mutu wometa kumene uli m'duku lakuda, tsiku lake loyamba kutuluka kudzatunga madzi. Iye sanaseke.

Bizwick anavala chipewa, navala mahedifoni pamwamba pake, naima pamalo pomwe anaima tsiku lija. Bata. Kenako kumtunda, kwii. Anaisiya ibwere. Anamva ikudutsa pa mtengo wa mango, ikutsika pa kamtsetse pamene Jonas ankaletsa ng'ombe ndi mluzu, ikuwoloka pamchenga. Nyimbo inakula mpaka inadzaza chigayo chonse, ndi denga lomwe, ndipo pamene gudumu linaima ndi ng'ombe zinayamba kupuma pakhomo, Bizwick anatambasula dzanja nakoka kachitsulo kozimitsira.

Injini inatsokomola kawiri, katatu, n'kufa.

Kupuma kuja sikunathe. Anatembenuka. Pakhomo panalibe kanthu, msewu wokha ndi kuwala kofiira, ndi amayi kutsidya atasiya kupopa. Anatuluka, naima m'mbali mwa msewu. Apo ndi pamene anakumbukira chipewa. Kuti achivule anayenera kuyamba wavula mahedifoni, ndipo anadziwa kuti akavula, zonse zitha, atsala munthu wamisala woimirira yekha pamaso pa amayi oseka. Anavulabe. Anaika mahedifoni pansi pafumbi, chipewa n'kuchigwira pachifuwa.

Kunali zii. Njiwa ina inalira kudambo. Madzi ankadontha pamjigo.

Kwii.

Sikunali m'makutu mwake. Kunali pamsewu, panja, pamphepo ya aliyense. Ndowa ina inagwa pamutu pa mwini wake n'kugubuduka. Belu losweka linalira, matabwa analira, ndipo chinthu chija chinanyamuka pakhomo pa chigayo n'kuyamba kutsika ndi msewu, pang'onopang'ono, popanda fumbi, popanda mkwasa wa gudumu pamchenga. Palibe anathawa. Amayi anagwada pomwe analipo. Munthu wina wa njinga amene ankachokera ku Katete ndi thumba la feteleza anatsika yekha osauzidwa, navula chipewa, akuyang'ana uku ndi uku kuti aone chimene akuchilemekeza.

Pamenepo kukhosi kwa Bizwick kunatseguka. Mawu ake aja okuwa, amene anathamangitsa mkazi ndi kusokoneza mapemphero, anapeza ntchito yake.

"Jonas iwe! Mnzanga ine! Ndinati ndibwera Lamulungu, Jonas!"

Anayamba kuyenda pambuyo pa ngolo yosaonekayo, akulira ngati mwana. Dorothy anaimirira, namuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamanga chitenje chake n'kumutsatira, ndipo atayamba iye kulira amayi onse analandira. Anthu ankatuluka m'nyumba, ena ndi chakudya m'manja. Jackson anatuluka m'bwalo lake ndi mkwiyo, kufuna kufunsa kuti wamwalira ndani osamuuza, koma gudumu linalira pamaso pake penipeni, ndipo ndinaona, pepani, anthu anaona, dzanja lake likukwera lokha kukachotsa chipewa. Podutsa pakhomo pa Jonas, ngolo yeniyeni inali pansi pa mtengo, mphanda yake ili pansi, nkhuku zitakwerapo kale kuti zigone. M'khola Bulaki ndi Sajeni anali ataimirira moyandikana, mitu pansi, ngati ali m'goli.

Anthu anafika pamene njira imalowa m'nkhalango ya manda, mdima utayamba kugwirana m'mitengo. Onse anaima. Gudumu linapitirira lokha, kwii, kwii, likucheperachepera mkati mwa mitengo, mpaka munthu sakanathanso kusiyanitsa ndi nkhululu.

Kenako Jackson anatsokomola.

"A Bizwick."

"Wawa."

"Mwamva tsopano?"

"Ndamva."

"Nafenso tamva," anatero Jackson, navala chipewa chake.

A Nangondo anamwalira patapita masabata awiri, mbandakucha. Bizwick asanatuluke n'komwe kukauza anthu, anamva makasu akugundana panja. Amayi anawasambitsa, anawaimbira masiku awiri, ndipo Dorothy ndiye anatsogolera kuphika. Diana atafika kuchokera ku Solwezi anasowa poponda pabwalo.

Tsopano, anthu ophunzira anafufuza nkhaniyi, ndipo anapeza mutu wake. Akuti tsiku lija Jonas anayesa mahedifoni, analumikiza foni yake, pakuti mahedifoni otere amagwira mafoni awiri nthawi imodzi ndipo saiwala foni imene anaidziwapo. Akuti pa tsiku la maliro mlongo wake anajambula ulendo wonse pa foni yomweyo. Dorothy, pomusowa mwamuna wake, ankazemba madzulo kukakhala kuseri kwa mjigo kuti amvere, koma akadina, mawu ankathawira m'makutu mwa Bizwick, iye n'kumayesa foni yawonongeka. Tsiku lomaliza Bizwick atavula mahedifoni, mawu anabwerera m'foni, imene inali m'chitenje cha Dorothy, ndipo gulu lonse linkatsatira chiuno cha mayi wamasiye osadziwa. Mwaona? Zonse zikugwirizana bwinobwino. Ndikuona ena mwapumira m'mwamba, mwayamba kumwetulira, mukuti tinadziwa ife.

Bodza lija ndi limeneli. Ndalipeka lero mmawa ndikusamba, chifukwa mkazi wanga anati ndisamaopseze anthu opita kuchigayo madzulo. Jonas sanakhalepo ndi foni chibadwire, ndipo Dorothy madzulo amenewo ananyamula ndowa basi. Ndikudziwa, chifukwa wa njinga ndi thumba la feteleza uja ndinali ine.